Mabowo Awiri Kuseri kwa Fuliji

Ndowayo anaikhazika pa tebulo la a Masiye, pakati pa makompyuta awiri, n'kuchotsa chiguduli chomwe anavindikira. Ndisanasuzumire n'komwe, fungo linali litandiuza kale. Ine ndimagulitsa anapiye mumsika wa Chilinde, ndiye mazira ofera m'chigoba sindichita kufunsa munthu.

"Ndinu a Vaileti?" anandifunsa mayi amene anabwera ndi ndowayo. Anali wamtali, wamsinkhu wa mayi anga, atavala juzi yachimuna ngakhale kunali dzuwa. "Ine ndine Zipora, ndachokera ku Mgona. Dzina lanu kwathu timalidziwa tonse. Tasenderani muone."

A Masiye anali atandiimbira foni m'mawa umenewo, Lachitatu, kuti ndifike ku Biwi msanga kuli mlendo wanga. Ndinangobereka Thandie n'kuuyatsa wapansi kuchokera ku Kawale, mumtima ndikuti ndi kasitomala.

Mayi Zipora anatola dzira limodzi n'kuligogoda pamphepete pa tebulo. Munatuluka mwanapiye wathunthu, nthenga zonyowa, timiyendo topinda, kamlomo kataloza kumwamba. Anaswa lina, chimodzimodzi. Atatola dzira lachitatu ndinawagwira dzanja.

"Tinaika 120," anatero. "Aswa 9 okha. Enawa anafika mpaka tsiku lomaliza, tinkawamva akulira m'katimo, kenako zii. Tinachita zonse monga munanenera, achemwali. Ndiye anzanga andituma kuti ndibwere kwa mwini wake atiuze pomwe talakwitsa."

Pomwe analakwitsa ndinkapadziwa. Anakhulupirira ine.

Kuti zimveke ndiyambe ndi a Masiye. Ndi bambo wachikulire, imvi mutu wonse, ali ndi kachipinda ku Biwi kuseri kwa magalaja. Ali mnyamata anathawira ku Tanzania nthawi ya chipani chimodzi, n'kukhalako zaka zambiri akugwira ntchito yosindikiza. Anabwerako ndi chizolowezi chotchula aliyense kuti komuredi, ngakhale wogulitsa zitumbuwa, ndiye nafenso timangoti a Komuredi. Amatola makompyuta otayidwa ndi maofesi n'kuwadzutsa ndi mapulogalamu aulere, amene amati aliyense ali ndi ufulu wowatsegula m'kati, kuwasintha, n'kugawira anzake. Pakhoma anamatapo mapu a dziko lonse, ofiirira ndi fumbi. Ukalowa kuti utchajitse foni umatuluka utamva za thangata, za migodi ya ku Congo komwe amakumba miyala ya m'mabatire athuwa, za madokotala a ku Cuba. Ine zambiri zinkangondidutsa. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 nditatenga mimba ya Thandie, ndipo mutu wanga umasunga chinthu chomwe manja anga achigwira.

Tsiku lina anandionetsa chogwirika. Zinali zithunzi za makina ofungatira mazira, opangidwa ndi fuliji yakufa, mababu awiri, kafani ka m'kompyuta, ndi kachipangizo kozimitsa mababuwo kutentha kukakwana. Anthu a maiko ena analemba zonse pa intaneti, osabisa, osalipiritsa. Lamulo linali limodzi: ukasinthapo china n'kukuyendera, ubwezere anzako pomwepo.

Fuliji ndinaipeza pa sikirapu ku Biwi komweko, a Masiye anandithandiza mawaya. Koma amene anajambula makinawo zikuoneka kuti kwawo magetsi sazima. Mazira anga oyamba anasukusa ndi kuzizira. Ndiye ndinayamba kusintha ndekha. Ndinaika zigubu zinayi za madzi otentha pansi pake, ndinamata mipata yonse ya chitseko ndi labala wa tchubu cha njinga, ndipo magetsi akazima ndinkaifunditsa mabulangete. Kutentha kunakhazikika ndithu. Koma achiwiriwo anafa monga a mayi Zipora, athunthu, pa tsiku lomaliza. Ndinalira masiku awiri. Tsiku lachitatu, ndikufunditsa Thandie masana, ndinaona mmene amakankhira nsalu ikamuphimba kumaso, n'kuzindikira kuti mwanapiye akakula m'dzira amafuna mpweya wambiri, ndipo ine ndinali nditautsekera wonse kunja. Ndinaboola mabowo awiri kuseri, lina m'munsi lina m'mwamba, n'kulowetsamo timapaipi totulukira kunja kwa bulangete. Ulendo wachitatu pa mazira 100 anaswa 88. Kuyambira pamenepo, magetsi kaya alipo kaya palibe, ku Chilinde wokhala ndi anapiye achikuda nthawi zonse ndinali ine ndekha. Sopo, lendi, phala la Thandie, zonse zinkachokera m'fuliji imeneyo.

Kenako a Masiye anati, "Komuredi Vaileti, nthawi yobweza yakwana. Ndibwera ndidzajambule."

Sindikanakana, anandithandiza. Koma m'mawa wa tsikulo asanafike, ndinakankhira fuliji kukhoma. Ndinawafotokozera za zigubu, za labala, za mabulangete, iwo akujambula ndi kulemba. Atafunsa ngati zonse ndi zimenezo, ndinati eya.

Sindinaone ngati ndikulakwira munthu. Kuno ntchito timaphunzitsana choncho. Azakhali anga aphunzitsa atsikana ambiri kukazinga mandasi, koma chomwe amathira kuti asaume mpaka madzulo sanauzepo aliyense. Telala amakuphunzitsa kusoka, koma kolala amadula atakutuma ulusi. Ngakhale sing'anga amakuonetsa mizu, chizimba amasunga. Ndinkayesa kuti zithunzizo zikathera m'kompyuta ya a Masiye, mwina kuonedwa ndi azungu awiri atatu oti nkhuku amagula yososola kale. Kuti mayi wa ku Mgona angadzapemphe a Masiye kuti amusindikizire pa pepala n'kumumasulira m'Chichewa, sindinaziganizeko.

Ndiye tsopano ndowa inali patsogolo panga, ndipo a Masiye anali kalikiliki kufunsa mafunso, nkhope itakwinyika.

"Mazira anali atsopano, komuredi?"

"Osapyola sabata."

"Kutembenuza?"

"Katatu pa tsiku, timasinthana. Tilipo amayi 14, timasankha mtedza m'mashedi a ku Kanengo. Aliyense anabweretsa mazira a nkhuku zake." Anandiyang'ana ine. "Tinaikanso ena 130 titangochotsa awawa. Ndowayi yakhala kuseri kwa nyumba, tinkasowa wobwera nayo, ntchito sitipuma. Atsopanowo lero ndi tsiku la 18. Ena mwa anzanga anachita kulanda nkhuku zoti zinayamba kale kufungatira. Amenewa akafa, gulu latha, ndipo ine amene ndinawakopa sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji."

Masiku 21 ndiwo mazira amaswa. Atatu omalizawa ndiwo amapha. Ndinkadziwa zimenezo kuposa aliyense m'chipindamo. Pakamwa panga panatseguka, koma chomwe chinatuluka ndi ichi: "Mwina ndi atambala, amayi. Nthawi zina zimatero."

Mayi Zipora anandiyang'ana. Kenako anavindikira ndowa yake, anandithokoza mpaka kupinda maondo pang'ono, mayi wamkulu chonchija, n'kunena kuti athamange chifukwa kwawo magetsi azima 2 koloko, akathandize anzawo kuwiritsa madzi a m'zigubu.

Atatuluka, a Masiye anakhala pa kompyuta akung'ung'udza okha. Anati tsamba la pa intaneti lomwe anaikapo zithunzi zanga sanalitsegule chiyambire mvula, bandulo imawavuta, komanso maso. Anatumiza uthenga wogula bandulo, n'kudikira. Ine ndinkafuna kuthawa, koma Thandie anali atatsika kumbuyo akuseweretsa mbewa ya kompyuta yakufa.

"Taonani kuno," anatero a Masiye.

Ndinaona fuliji yanga, ndi chitenje changa chobiriwira chili pamwamba. Pansi pake panali nambala. Anati ndi anthu amene atenga malangizowo: 4,316.

"Anthu?" ndinafunsa. "Anthu enieni?"

Iwo ankangotsitsa. Mawu anga aja anali atamasuliridwa m'Chipwitikizi, m'Chisipanishi, ndi m'zilembo zina zolendewera ngati zovala pa chingwe, zomwe anati ndi za ku Nepal. Paliponse dzina langa linalipo, Vaileti, Kawale, Malawi. Kenako kunabwera zithunzi zomwe anthu anatumiza. Fuliji yofiira pakhonde la nyumba ya malata, kumbuyo kwake phiri loyera nsonga. Fuliji ina ili pansi pa mtengo wa mango, mwamuna wovala malaya ampira ataigwira ngati mkazi wake. Zonse zinali ndi labala wa tchubu cha njinga kuzungulira chitseko, womatidwa mmene ndimamatira ine, mpaka kokhota kwa pakona komwe ndinkangochita chifukwa sizasi yanga ndi yobuntha. Ndinakhala pa kreti.

Pansi pa zithunzizo panali mauthenga. A Masiye ankawapatsa kompyuta kuti imasulire, iwo n'kumandiwerengera m'Chichewa, mawu awo akunka natsika.

Bambo wina wa ku Tete: anapiye afa tsiku la 20, onse athunthu, tathandizeni. Mayi wa ku Nepal: kawiri konse, apongozi anga akuti ndasokoneza nkhuku zawo pachabe. Wina wa ku Chipata anangolemba kuti wasiya. Anali ambiri, ndinaleka kuwerenga pa 11. Kenako mphunzitsi wina wa ku Peru, amene anapanga makinawo ndi ana a sukulu yake: athu anafa kawiri, tinaganiza kuti ndi mpweya, tinaboola mabowo, tsopano akuswa bwino. Kodi mnzathu wa ku Malawi angatiuze kuti yake mpweya umalowera pati? Pa zithunzi sitikuona kuseri.

Uthengawo unalembedwa miyezi isanu m'mbuyomo.

A Masiye anavula magalasi. "Amake Thandie," anatero. Chidziwireni sanandiitanepo choncho. "Yanu mpweya umalowera pati?"

"Kuseri."

"Mabowo?"

"Awiri."

"Tsiku ndinabwera kudzajambula analipo?"

"Analipo, abambo."

Kunja wina ankamenya chitsulo pa galaja. A Masiye anapukuta magalasi ndi malaya, n'kuwapukutanso, osawavala.

"Mkazi wanga Mabel anamwalira mu 2001," anatero. "Mankhwala a matenda ake analipo. Sanali kumwamba, anali m'botolo. Koma kapangidwe kake makampani anakatsekera ndi malamulo, mtengo wake woti mphunzitsi agwire ntchito zaka ndi zaka asanagule a chaka chimodzi. Pomwe a ku India ankawanditsa otchipa, pomwe kuno ankayamba kugawa ulere, ife tinali titaika kale maliro. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti chidziwitso chobisidwa chimapha. Koma ndinkayesa kuti obisa amakhala m'nyumba zosanja ku Ulaya."

Mawuwo anandilowa, koma anandipsetsanso mtima.

"Ine si kampani, abambo. Ndili ndi fuliji imodzi ndi mwana mmodzi. Bambo ake chipitire ku Joni foni yawo sigwira. Aliyense ku Chilinde akakhala ndi anapiye, ine ndidzagulitsa chiyani, nkhani za Cuba? Ndipo nanunso musadziyeretse. Mphunzitsiyu anayankha kalekale. Yankho lakhala m'kompyuta yanuyi miyezi isanu, m'chilankhulo choti ku Mgona palibe angachimve, inu mulibe bandulo. Mumati zinthuzi n'zotsegukira aliyense. Aliyense wake uti? Mayi aja akanatsegula ndi chiyani?"

Sanandikalipire. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva dzino likugwedera.

"Pamenepo mwanena zoona," anatero. "Mlandu wanga ndiusenza." Anatenga foni. "Chabwino. Ndiwaimbira mayi Zipora, ndiwauze kuti anzathu a ku Peru apeza vuto, aboole mabowo. Si bodza. Dzina lanu silitchulidwa."

Imeneyo inali njira yabwino kwa ine, ndipo kwa kamphindi ndinaifuna. Koma mutu wanga unali utapita kale ku Mgona, ukuona amayi 14 ndi hamala. Akanakhoma mazira ali m'kati momwemo, kugwedeza anapiye oti atsala pang'ono kuboola chigoba. Kapena akanaboola pakati, pomwe mpweya suyenda, kapena bowo lalikulu loti kutentha konse kuthawe. Zinthu zina sizinenedwa pa foni.

"Musaimbe," ndinatero, ndikubereka Thandie. "Akhoma molakwika."

Ndinadzera kunyumba kukatenga msomali wa sikisi inchi, hamala, mpeni, ndi chidutswa cha paipi yothirira maluwa. Minibasi ya ku Kawale inandisiya mu depoti, ya ku 25 yodzera ku Kanengo inatenga mpaka kalekale kuti idzaze. Kondakitala ataona hamala ikutulukira m'chikwama anati, "Asisi, amuna anu alakwanji?" Anthu anaseka. Ine ndinkangoyang'ana wotchi ya pa foni. 2 koloko inakwana tili pa mzere wa magalimoto, tisanafike n'komwe ku Kanengo.

Ku Mgona sindinafikeko chibadwire. Ndinawoloka njanji, n'kulowa m'timipata ta pakati pa nyumba, ndikulumpha madzi otsukira mbale. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa makala kuti amayi a fuliji ya mazira amakhala pati, ndipo anandilozera osaganiza n'komwe. Nthawi inali itadutsa 3 koloko.

Mayi Zipora anali pakhonde ndi anzawo asanu, moto wa mbaula uli pakati, madzi ali pamoto. Anadabwa kundiona.

"Fuliji ili kuti, amayi?"

Anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera. Poyamba sindinaione n'komwe. Ndinaona phiri la mabulangete, pamwamba pake matiresi, zonse zomangidwa ndi chingwe. Anati poganiza kuti oyamba aja anafa ndi kuzizira, ulendo uno awonjezera zofunda, ndipo pa labala paja amatanso tepi kuti pasapite kamphepo ngakhale pang'ono. Ankandifotokozera monyadira, ngati mwana wa sukulu amene wachita kuposa zomwe aphunzitsi ananena. Ndinagwira chingwe chija.

"Chotsani zonsezi. Msanga, amayi, chonde. Akubanika."

Sanafunse. Tinadula chingwe, tinagwetsa matiresi, ndinang'amba tepi n'kutsegula chitseko. Mpweya umene unatuluka unali wolemera, wofunda ngati wa m'minibasi yotseka mawindo. Ndinaika dzira limodzi kukhutu. Munali kakugogoda, kofooka, koma kanalipo.

Ndinawauza kuti mazira onse atuluke ndisanakhome, ndipo aliyense aligoneke mmene walipezera, osalitembenuza, osaligwedeza. Mabeseni analipo awiri okha. Tinayalamo mabulangete, zigubu zofunda pambali, koma anangokwana theka. Otsalawo amayi aja anakhala pansi mondondozana, miyendo yotambasula, n'kuwalandira pamiyendo m'zitenje, akuwaphimba ndi manja. Mmodzi, wonenepa, dzina lake Olipa, anati, "Ine ana asanu ndi mmodzi ndabereka, lero ndasanduka thadzi." Anaseka okha awiri. Thandie ndinamupatsa mayi wina kuti amugwire patali.

Tinatembenuza fuliji. Ndinayeza ndi dzanja, chikhatho chimodzi kuchokera pansi kumanzere, chikhatho chimodzi kuchokera pamwamba kumanja. Ndinakhoma msomali kanayi mozungulira, n'kukulitsa ndi mpeni, kukolopola thovu louma la m'kati mpaka ndinafika pa pulasitiki. Chala chinachekeka ndi lata, ndinangochiyamwa n'kupitiriza. Ndinadula paipi pawiri, kulowetsa, kutsekera m'mbali ndi tizidutswa ta labala. Ndinasesa zinyenyeswa, tinathira madzi atsopano m'zigubu, ndinaika mbale ya madzi ndi kansalu kuti zigoba zifewe, n'kubwezeramo mazira limodzilimodzi. Zonse zinatenga mphindi ngati 15. Ndinafunditsa bulangete limodzi lokha, timapaipi tikusuzumira kunja.

"Mpaka aswe, chitseko musatsegulenso," ndinatero. "Ndipo timapaipiti tisatsekedwe ndi chilichonse."

Mayi Zipora anazungulira kuseri. Anagwada, anaika chikhatho chawo pomwe ndinaika changa, n'kuyang'ana bowo lam'munsi, kenako lam'mwamba.

"Simunayeze ndi tepi," anatero. "Dzanja lanu likupadziwa pamalo pake."

Ndinapukuta mpeni pa chitenje.

"Mwazidziwa liti zimenezi, achemwali? Masana ano?"

Apa ndikanatha kutchula mphunzitsi wa ku Peru. Amayi onse ankandiyang'ana, zitenje zawo zikadali ndi timaenje momwe munali mazira.

"Chaka chatha," ndinatero. "Yanga ili nawo mabowowa kuyambira kale. Tsiku lojambula ndinaikankhira kukhoma dala. Ndinkaopa kuti aliyense akadziwa, ine ndisowa pogulitsa."

Olipa anaomba m'manja kamodzi, mwakachetechete, n'kuyang'ana kumbali. Mayi wina wachitsikana, amene anali asanayankhulepo, anati nkhuku yake inali itafungatira masiku asanu pomwe anailanda mazira oyamba aja. Ananena zokhazo basi.

Mayi Zipora anadzuka, akusasa maondo.

"Zobisa ndimazidziwa," anatero. "Ine kwathu ndi ku Thyolo, ndinaphunzira kuumba mbaula kwa mayi wina woumira kuposa inu. Koma iye ankanena poyera kuti zina udzaona wekha. Umadziwa kuti pali dzenje, umayenda mosamala. Inu pa pepala paja munati zonse ndi zimenezi." Anapuma. "Komabe zimenezo ndi za chaka chatha, simunkatidziwa. Nanga m'mawa uno? Ndakuswerani mazira pamaso panu, ndakuuzani tsiku la 18. Mwandiyang'ana m'maso, mwana iwe, n'kunena kuti atambala."

Ndinati pepani, ndipo mawuwo anamveka aang'ono ngakhale kwa ine ndemwe. Ndinatola hamala ndi mpeni, ndinalandira Thandie. Palibe anandipatsa madzi osamba m'manja, ndipo palibe anandiperekeza ngakhale kufika pa njira. Mlendo woti wachokera ku Kawale, kutuluka yekha m'nyumba ya anthu ngati wodzawerenga mita. Ndinasokera kawiri ndisanaipeze njanji.

M'mawa mwake a Masiye anabwera kwathu ndi foni. Tinakoka fuliji kuichotsa kukhoma, anajambula kuseri, pafupi ndi patali, chikhatho changa chili pa bowo. Polemba anafuna kuika kuti tinaiwala kuonetsa mabowo.

"Sitinaiwale," ndinatero. "Lembani kuti Vaileti anabisa. Mayi wa ku Nepal uja akaonetse apongozi ake kuti wolakwa sanali iye."

Ndinawauzanso kuti zolemba zokha sizikwanira. Ananditchera foni, ndinayankhula m'Chichewa kuyambira pa fuliji yakufa mpaka tsiku la 21, mphindi zisanu ndi zinayi, mawu oti munthu angatumizire mnzake pa foni wamba ya WhatsApp. Potuluka anati, "Tsalani bwino, komuredi." Sindinadziwe ngati anandikhululukira kapena pakamwa panangozolowera.

Lachisanu mayi wogulitsa tomato moyandikana nane ku Chilinde anali atawamva kale mawuwo, akundifunsa komwe angapeze fuliji yakufa. Ndinamulozera ku Biwi. Mumtima munandiwawa, sindinama. Koma maganizo anga ambiri anali ku Mgona. Sindinkadziwa kuti ola lija la pansi pa matiresi, pamodzi ndi masiku ena am'mbuyo, linapha angati. Loweruka, tsiku la 21, foni ndinaiika m'kamisolo kuti ndiimve ikanjenjemera. Inalira kawiri, onse makasitomala. Nambala ya mayi Zipora ndinali nayo, a Masiye anandipatsa, koma ndinalibe nkhope yoimbira.

Lamulungu masana, ndikuchapa zovala za Thandie pabwalo, inalira. Ndinapukuta manja pa chitenje.

Poyamba sipanamveke munthu. Panamveka phokoso lokhalokha, losongoka, lambirimbiri, lomwe ndimalidziwa kuposa nyimbo iliyonse. Anaisiya foniyo pamenepo kwa nthawi ndithu.

"83," anatero mayi Zipora, osapereka moni. "47 sanaswe. Khumi mwa amenewo anali opanda kanthu, amenewo ndi atambala anu aja. Enawo athunthu."

"Ndamva, amayi."

"A Olipa awo aswa atatu okha pa khumi ndi awiri. Akuti akakuonani m'tauni musawapatse moni."

"Ndamva."

Anapiye okha ankasokosa kumbuyo. Ndinkayesa adula.

"Katemera wa chitopa mumayamba tsiku lanji?" anafunsa. "Ndipo munene zonse."

Ndinakhala pansi pa chidebe chovundikira, n'kuyamba ndi madzi akumwa a tsiku loyamba.